Funsani za Maulendo: Kuwala kwa kumpoto ndi kupalasa njinga ku Norway

Mwezi uno makalata abwera ambiri pa nkhani imodzi, ya kuwala kobiriwira kuja komwe kumavina kumwamba usiku m'maiko a kumpoto kwenikweni kwa dziko, komwe pa mavidiyo mumaona atalemba kuti aurora. Ena afunsanso za njinga kumayiko omwewo. Ine dziko lomwe ndinalipondako ndi kulipalasa ndi Norway, ndiye mayankho anga akhala a kumeneko. Ndasankha makalata anayi, ena ndawadula pang'ono chifukwa cha malo.

FUNSO: Zikomo a Zamaulendo. Ine ndi mayi wa ana awiri, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku Leeds. Chaka chamawa tikwanitsa zaka 15 tili pabanja nde ndikufuna tipite ku Norway ine ndi bambo akunyumba, ine cholinga changa ndi kuwala kuja timaona pa Facebook, kumandisowetsa mtendere ndithu, koma iwowa nkhani yawo ndi njinga basi kuyambira tili ku Area 25 anali munthu wa njinga. Tchuthi chathu tonse chimagwera mu Julayi. Tipange bwanji kuti aliyense apeze chake pa ulendo umodzi? Mayi wa ku Leeds.

YANKHO: Mayi, zaka 15 pabanja si zamasewera, Mulungu apitirize kukusungani. Koma ndikuuzeni chilungamo pompano musanagule tikiti: mukapita mu Julayi bambo akasangalala koopsa, koma inuyo kuwala kwanuko simukakuona olo pang'ono. Ndikunena motsindika chifukwa anthu ambiri amataya ndalama pamenepa, amaona chithunzi cha munthu ali panjinga pa dzuwa ndi china cha thambo lobiriwira zili patsamba limodzi n'kumaganiza kuti ndi za sabata imodzi, pomwe ndi nyengo ziwiri zosiyana.

Nkhani yake ndi iyi. Kumpoto kwa Norway nthawi yotentha dzuwa sililowa. Ku Tromsø, mzinda womwe anthu ambiri amapitako kukaona kuwalaku, kuyambira cha pa 20 Meyi mpaka cha pa 22 Julayi dzuwa limangozungulira kumwamba, 12 koloko usiku kunja kuli mbee ngati 4 koloko madzulo kwathu, anthu akuwedza, ana akusewera mpira. Kuwala kuja kumakhala kulipo ndithu kumwambako koma simungakuone, chimodzimodzi nyenyezi masana, zilipo koma dzuwa laziphimba. Nyengo imeneyi ndiye ya njinga, misewu ndi youma, mapantoni onse akuyenda, malo ogona ndi otsegula. Kenako zinthu zimatembenuka, kuyambira kumapeto kwa Novembala mpaka pakati pa Januwale dzuwa silituluka n'komwe ku Tromsø komweko, masana kumangoyera pang'ono ngati m'bandakucha kenako mdima basi. Apa ndiye pa kuwala kwanu, koma misewu imakhala yaterera ndi madzi oundana. Eni dziko amapalasabe, amaika matayala okhala ndi timisomali tachitsulo, koma amenewo anabadwira momwemo ndipo akungopita kuntchito makilomita ochepa. Mlendo kusenza zikwama panjinga mumdima pa msewu woterera wodutsa malole, ayi mayi, bambo musawalole zimenezo.

Akulu anati mapanga awiri avumbwitsa, koma apa pali kampata kakang'ono pakati pa mapanga awiriwa, ndipo ndi komwe ine ndinalowera. Kuyambira kumapeto kwa Ogasiti usiku umayamba kudanso, ndipo mu Sepitembala mdima umakhala wokwanira koma chisanu chisanagwe m'mbali mwa nyanja. Chinanso chabwino, cha mu Sepitembala ndi mu Malichi, pomwe usana ndi usiku zimafanana kutalika, kuwalaku kumakonda kuchitika kwambiri. Ndiye malangizo anga ndi akuti lankhulani ndi akuntchito msanga, musinthane tchuthi ndi anzanu omwe ali ndi ana a sukulu, iwo amalira Julayi ndi Ogasiti, inu mutenge masabata awiri oyambirira a Sepitembala. Ana asiyireni achibale kapena a kutchalitchi. Vuto la mwezi umenewu ndi mvula ndi mitambo, ndipo mapantoni ena a nthawi yotentha komanso malo ena omangako matenti amakhala atseka, ndiye chilichonse funsani kaye tsiku lomwe amasiyira. Zikakanika kusintha, gawani pawiri: njinga mu Julayi, kenako mu Febuluwale kapena Malichi mubwerere masiku anayi okha pa kuwala. Zimadula koma aliyense amapeza chenicheni.

Ndipo mukonzekere mumtima kuti palibe munthu angakulonjezeni kuti mukakuona. Amakampani oyendetsa alendo usiku amayesetsa, amathamanga ndi minibasi kusaka pomwe palibe mitambo mpaka nthawi zina kudutsa malire kulowa Finland, koma thambo si lawo. Ine ndinakhala mausiku atatu ku zilumba za Lofoten mitambo ili bii, mvula ikuwaza pa tenti, mtima unayamba kuwawa ndikaganiza ndalama zomwe ndinasunga zaka ziwiri. Usiku wachinayi ndinali pa gombe la mchenga woyera pafupi ndi mudzi wa Ramberg, cha m'ma 11 koloko mphepo inaleka, nyenyezi zinatuluka, ndiye chakumpoto ndinaona chinthu chotuwa chotambalala ngati utsi wa moto wolusa patali. Ndinkayesa mtambo. Mayi wina wachikulire yemwe anaima chapafupi ndi galu wake anangondilozera ndi chala osayankhula. Nditaloza foni, pa sikirini panaoneka zobiriwira. Patapita mphindi mwina khumi chinthu chija chinadzuka, chinakwera mpaka pamutu penipeni, kubiriwira kunayamba kuoneka ndi maso, m'munsi mwake mofiirira, chikupindika ndi kutambasuka ngati chitenje chomwe mwayanika pa chingwe mphepo ikuwomba, koma chitenje chake chodzaza thambo lonse ndipo phokoso palibe, zii, mafunde okha. Zala zinali zitauma ndi kuzizira koma sindinazimve. Ndinangopezeka ndikupemphera misozi ili mbwembwembwe. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndinazionera pamenepo.

Dziwaninso zimenezi kuti musakakhumudwe: kamera imakokomeza mtundu kuposa diso, masiku ambiri kuwalaku kumaoneka kotuwa kapena kobiriwira pang'ono chabe, zowala kwambiri zija ndi za mausiku amwayi. Khalani masiku osachepera asanu, chokani pa magetsi a mtauni, ngati mungathe pewani sabata yomwe mwezi uli wathunthu, ikani apu ya zanyengo ya Yr pafoni yomwe eni dziko amadalira muzionera mitambo. Mudzamva anthu akukamba za nambala ya Kp, yosonyeza kukula kwa mphamvu yomwe imabweretsa kuwalaku, imayambira 0 mpaka 9, musavutike nayo kwambiri chifukwa kumpoto kuja olo ili pa 2 kapena 3 kuwala kumaoneka, mdani wanu ndi mitambo. Foni muziisunga m'thumba lam'kati, batire imatha msanga pozizira.

FUNSO: Ine ndili ku Ntcheu. Ndinawaonetsa agogo anga vidiyo ya thambo lofiira ndi lobiriwira, iwo anakhumudwa akuti amenewa ndi malodza, dziko likutha. Usiku sanagone bwino. Kodi chimenechi n'chiyani kwenikweni, nanga chingadzafike kuno? Mdzukulu wodandaula.

YANKHO: Mwachita bwino kufunsa, ndipo agogo musawaseke. Si iwo okha omwe anachitapo mantha, eni ake a kumpoto omwe, anthu a mtundu wa Sámi omwe amaweta nyama zonga agwape zotchedwa reindeer, makolo awo ankaletsa ana kuimba mluzu kapena kukupiza manja kuwalaku kukatuluka, ankakupatsa ulemu waukulu. Ku Finland mpaka lero amakutcha revontulet, kutanthauza moto wa nkhandwe, nthano yake imati nkhandwe ikamathamanga mchira wake umamwaza chisanu m'mwamba n'kukhala ngati mphaliwali za moto. Ku Norway amangoti nordlys, kuwala kwa kumpoto.

Agogo muwauze chonchi. Dzuwa limalavula nthawi zonse tinthu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso tokhala ndi mphamvu ya magetsi, ndipo nthawi zina limalavula kwambiri ngati mphika wa phala ukamabwadamuka. Tinthu timeneti timayenda mtunda wa makilomita 150 miliyoni, tsiku limodzi kapena masiku angapo, kufika kuno. Dziko lathuli lili ndi mphamvu ya maginito yomwe imatitchinjiriza, imakankha tambiri, koma kumapeto awiri a dziko, kumpoto ndi kumwera, mphamvuyo imatitsogolera kulowa mu mlengalenga. Tikagundana ndi mpweya, mpweyawo umawala, ngati momwe getsi la chubu lija la m'kalasi limayakira magetsi akadutsa mu mpweya uli m'kati mwake. Okosijeni ndi amene amapereka kubiriwira, pa mtunda wa makilomita 100 kapena kuposerapo pang'ono kuchokera pansi, ndipo pamwamba kwambiri kupitirira makilomita 200 okosijeni yemweyo amapereka kufiira. Nayitirojeni amapereka mtundu wa buluu ndi wapepo. Ndege zomwe timakwera zimauluka makilomita 10 mpaka 12 okha, ndiye muone kutalika kwake, palibe chimagwa pansi, sikutentha munthu, sikudwalitsa. Wasayansi wa ku Norway komweko, Kristian Birkeland, ndi amene anafotokoza zoti gwero lake ndi dzuwa zaka zoposa 100 zapitazo, mpaka anamangitsa nyumba yoonera kuwalaku pa phiri la Haldde pafupi ndi Alta mu 1899, ndipo anzake ambiri sanamukhulupirire mpaka atamwalira mu 1917.

Chifukwa chomwe mavidiyo achulukira zaka zino n'choti dzuwa limakhala ndi nyengo zake, pafupifupi zaka 11 zilizonse limafika pachimake cholusa kenako n'kufatsanso, ndipo chimake chaposachedwa chinali cha mu 2024 ndi 2025. Usiku wa pa 10 Meyi 2024 kunachitika chachikulu moti abale athu a ku UK anaona thambo lapepo ali pakhomo pawo, ndipo kumwera kwa South Africa anthu anajambula kufiira kwa kuwala kwa kumwera, komwe ndi mnzake wa kwa kumpotoku. Onjezani apo kuti masiku ano aliyense ali ndi foni ya kamera. Zakhala zikuchitika kuyambira kalekale, agogo a agogo awo asanabadwe.

Ku Ntcheu musayembekezere, Malawi ali pafupi kwambiri ndi pakati pa dziko, kutali ndi malekezero onse awiri. Zomwe zimavutika dzuwa likalusa ndi makina. Mu Malichi 1989 chigawo cha Quebec ku Canada chinakhala maola 9 opanda magetsi, ndipo mu Febuluwale 2022 masetilaiti a Starlink pafupifupi 40 omwe anali atangotumizidwa kumwamba anaonongeka. Koma munthu ali pakhonde pake palibe chimuchitikira. Agogo agone mtima uli m'malo, muwapatse moni wanga.

FUNSO: Bwana ine ndimapalasa kabaza pa Kamuzu Road ku Salima zaka 9 tsopano. Timawaona azungu akudutsa pano ndi njinga zodzaza zikwama akuti akuchokera ku Egypt akupita ku Cape Town, ena akuti kwawo amalipira ndalama kuti akapalase m'mapiri ozizira. Ine zimandidabwitsa, njinga kwa ife ndi ntchito. Kumeneko kuli chiyani, nanga munthu ngati ine ndingakwanitse misewu yake? Wakabaza wa ku Salima.

YANKHO: Achimwene, kalata yanu ndaikonda kuposa onse. Yankho lachidule: miyendo muli nayo kale, kuposa alendo ambiri omwe ndinakumana nawo kumeneko. Munthu wonyamula mayi ndi thumba la chimanga pa keliyala, njinga yopanda magiya, dzuwa la Okutobala la ku Salima lili pamutu, zitunda za ku Lofoten sizingamuopse. Chomwe chingakugwetseni inu ndi kuzizira, mphepo ndi mvula.

Mwafunsa kuti kuli chiyani. Lofoten ndi mndandanda wa zilumba, mapiri akuthwa amiyala otuluka m'nyanja mwachindunji, zilumbazo zolumikizidwa ndi milatho ndi misewu yapansi, msewu waukulu ndi E10. Kuchoka tauni ya Svolvær kukafika kumudzi womaliza wotchedwa Å, dzina la chilembo chimodzi basi, ndi makilomita pafupifupi 130, ngati Lilongwe kukafika Kasungu. Inu mutha kumaliza tsiku limodzi koma anthu amatenga masiku atatu kapena anayi dala, chifukwa cholinga ndi kuima, kuona, kupuma mpweya wa kunyanja, anthu ake ndi oti chaka chonse amakhala pa mpando mu ofesi ndiye thupi limafuna kutuluka thukuta. Poyamba nane sindinkazimvetsa, koma pa galimoto mudzi umangodutsa pawindo, pa njinga umamva fungo lake. Ndipo fungo la Lofoten inu a kunyanja mungalidziwe msanga, ndi la nsomba. M'midzi ngati Reine ndi Henningsvær muli mathandala akuluakulu amitengo, ena atali ngati denga la tchalitchi, pomwe amayanika nsomba zikuluzikulu za cod, amazimanga ziwiriziwiri kumchira n'kuzikoleka cha mu Febuluwale ndi Malichi, zimauma ndi mphepo yozizira popanda mchere popanda utsi mpaka cha mu Juni, zimauma gwa ngati nkhuni. Zambiri zimapita ku Italy, mitu yake amagulitsa ku Nigeria. Ine ndinapeza mathandala ali opanda kanthu poti inali Sepitembala koma fungo linali likadalipo pa mitengo, ndinaima pamenepo njinga ili m'manja maganizo ali ku Senga Bay pa thandala la usipa. Tinyumba tofiira ta asodzi tomangidwa pa mizati m'mphepete mwa madzi, amati rorbu, masiku ano ndi togonamo alendo.

Chomwe chinandiopsa ine ndi misewu yapansi. Pali umodzi wotchedwa Nappstraumen, wautali pafupifupi makilomita awiri, umadutsa pansi pa nyanja penipeni. Umatsetsereka kulowa pansi, kuzizira, makoma akudontha madzi, kenako uyenera kukwera chitunda kutuluka mbali inayo uli pa kanjira kopapatiza m'mbali, ndipo lole ikalowa phokoso lake limadzaza monse osadziwa ngati ikuchokera kutsogolo kapena kumbuyo. Ndinatsika n'kumakankha, mawondo akunjenjemera, nditaona kuwala kwa kunja ndinapuma ngati ndatula mtolo. Wopita ku Nordkapp, kunsonga ya kumpoto kwa Norway komwe ambiri amakathera ulendo, amakumana ndi wina woposa apa, makilomita pafupifupi 7, wotsika mamita 212 pansi pa nyanja. Misewu yapansi ina njinga ndi zoletsedwa n'komwe, umayenera kuzungulira njira yakale kapena kukweza njinga m'basi. Ndiye nyale yakutsogolo ndi yakumbuyo ndi chovala chowala si zokambirana. Kumbukiraninso kuti kumeneko amayenda kumanja kwa msewu, osati kumanzere ngati kwathu.

Ofuna ulendo wautali amatenga msewu wa m'mbali mwa nyanja wotchedwa Kystriksveien, kuchoka Steinkjer kukafika Bodø, makilomita 650, pafupifupi ngati Blantyre kukafika Mzuzu, ndipo m'njiramo umakwera mapantoni 6. Pa Bodø pomwepo ndi pomwe umakwera sitima yowolokera ku Moskenes ku Lofoten, maola atatu ndi kanthu, nyanja yake ikalusa imaposa mwera. Chinthu china chomwe chinandigwira mtima ndi lamulo lawo la allemannsretten, lomwe linalembedwa mu 1957: munthu aliyense, mlendo yemwe, ali ndi ufulu woyenda ndi kumanga tenti pa tchire olo malowo ali ndi mwini wake, bola ukhale mamita 150 kuchoka pa nyumba ya munthu, usapitirire mausiku awiri pamalo amodzi, usalowe m'munda ndipo usasiye zinyalala. Moto wa nkhuni pafupi ndi nkhalango ndi woletsedwa kuyambira pa 15 Epulo mpaka pa 15 Sepitembala, ndiye umayenda ndi kachitofu ka gasi. Ndipo poti ndinu munthu wa zitunda, mumve ichi: mumzinda wa Trondheim muli makina okankha wanjinga pa chitunda, amati Trampe, anawaika mu 1993, umaponda phazi lamanja pa kachitsulo uli panjinga pomwepo n'kukukankha mamita 130 mpaka pamwamba.

Azungu omwe amadutsa pa Kamuzu Road aja ndi anthu omwewa, njala yawo ndi yomweyo, kufuna kuona dziko pa liwiro la miyendo. Mukawaona aima musachite manyazi, apatseni moni, alozereni pogula madzi ndi kwa wokonza njinga wodalirika, inu mumadziwa msewu umenewo kuposa mapu a pafoni pawo.

FUNSO: Ndili ku Manchester pa viza ya sukulu, pasipoti yanga ndi ya Malawi. Ndingangokwera ndege kupita ku Tromsø? Nanga ndalama zimafunika zambiri bwanji? Wophunzira.

YANKHO: Ayi achemwali, viza ya UK siigwira ntchito kumeneko. Norway sili mu European Union koma ili mu Schengen, gulu la maiko a ku Ulaya omwe amagwiritsa ntchito viza imodzi, limodzi ndi Sweden, Finland ndi Iceland, ndiye ndi pasipoti ya Malawi mufunika viza ya Schengen. Mutha kufunsira muli ku UK komweko poti mukukhalako movomerezeka, mtengo wake kwa munthu wamkulu ndi 90 euro kuyambira mu Juni 2024, kupatula ndalama ya ofesi yolandira mafomu, ndipo amafuna inshulansi ya chipatala yosachepera 30,000 euro, umboni wa kogona, tikiti yobwerera ndi sitetimenti ya kubanki. Amalola kupempha miyezi 6 ulendo usanafike, ndiye musadikire mwezi womaliza, malo a apointimenti amadzaza.

Za ndalama, Norway ndi dziko lodula, pamenepo sindikunamizani. Ndalama yawo ndi krone koma pafupifupi paliponse amalipira pa khadi. Chomwe chimapha thumba ndi malesitilanti ndi mahotela, ndiye pezani malo okhala ndi khitchini, muzigula zakudya m'masitolo ngati Kiwi kapena Rema 1000 n'kuphika nokha, madzi a pa mpope ndi abwino kumwa musagule a m'botolo. Masitolo ambiri Lamulungu amatseka, gulani Loweruka. Nyama ndi zamkaka zochokera ku UK musanyamule, n'zoletsedwa kulowa nazo. Sitima ya pamtunda siifika ku Tromsø, njira yosavuta ndi ndege, kudzera ku Oslo kapena yachindunji ikapezeka nthawi yozizira. Zovala musadalire jekete imodzi yokhuthala, valani zosanjikiza, yaubweya pathupi, juzi pakati, yotchinga mphepo ndi mvula pamwamba. Ku Tromsø kweni kweni sikuzizira moopsa chifukwa cha nyanja, koma minibasi zosaka kuwala zimalowa kumtunda komwe kuzizira kumafika madigiri -20 kapena kuposa, ndipo mudzaima pa chisanu maola awiri kapena atatu osayenda, ndiye ndalama yoyamba ipite pa nsapato zabwino, masokosi aubweya ndi magolovesi.